Mutu 5: Nsapato Zoyera ndi Filimu ya Bwana Chipewa

1. Mtsikana wa maiki

Chaka chimene a Goliati anabwera ndi kanema kuchokera ku Chipata, mwana wa mlongo wawo, Dyna, anali mu Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi mishoni ya Guilleme. M'kalasi monse munalibe womuposa pa Chingerezi. Pabwalo la ntchemberembaye ndiye ankaponya zigoli, ngakhale ankasewera wopanda nsapato.

A Goliati anachita lendi nyumba ina pamsika imene kale inali sitolo. Mawindo anatseka ndi masaka kuti mukhale mdima, anaikamo mabenchi, jenereta n'kuika kuseri. Anthu ankabwera ndithu kudzaonera mafilimu, koma ankatuluka akudandaula.

"Timangoona anthu akuwomberana," ankatero. "Chimene ayambanirana sitikuchimva."

Tsiku lina mayi ake anamutuma Dyna kwa amalume akewo. Anapeza azibambo awiri akukangana za zimene mzungu wa m'filimu ananena. Iye anawamasulira ali chiimire pakhomo, ndipo holo yonse inaseka. A Goliati anaimitsa filimu n'kumuyang'ana.

"Iwe, tabwereza."

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana Dyna ankaima pambali pa kanema atagwira maiki. Mayi ake anavomera, bola azimaliza kaye ntchito ya kusukulu ndipo azifika pakhomo dzuwa lisanalowe.

Dyna sankangomasulira mawu. Aliyense wa m'filimu ankamupatsa dzina. Wamtali ankakhala Mlongoti, wonenepa ankakhala Bwana Mimba. Mzimayi wa ku America akamakalipira mwamuna wake, Dyna ankati, "Akuti mwangobwera ndi mchere, nanga ana tiwachapira ndi chiyani?" Amayi a kumabenchi a kumbuyo ankafa nacho chiseko, mpaka kupukuta misozi ndi zitenje.

2. Mphatso ya Joe

Inafika nyengo imene matenanti a m'maesiteti a fodya amalandira malipiro awo. Msika unadzaza ndi njinga zatsopano, mawailesi, malata ndi maambulera. Aliyense ankayenda akumwetulira.

A Goliati anali ndi tepi yatsopano. Anaionera pamodzi ndi Dyna Lachisanu ataweruka kusukulu, kuti mtsikanayo akonzekere. Inali filimu ya zigawenga ndi apolisi. Mwini nkhani anali kalaliki wa kubanki wokonda chipewa chakuda, amene mnzake anamuphunzitsa kutchova juga.

"Ameneyu ndi Bwana Chipewa," anatero Dyna, ndipo analemba dzinalo ndi choko pathabwa la panja.

M'mawa mwake a Goliati anapita ku Chipata kukagula matepi ena. Rimoti anasiyira Dyna. Pakhomo anasiyapo mayi Anastazia, mayi wachikulire amene ankagulitsa zitumbuwa pakhonde la holoyo. Anali mnzawo wa mayi a Dyna kutchalitchi, ndipo a Goliati ankawakhulupirira.

Dyna akusesa m'holo, munalowa Joe. Joe ankavala magalasi akuda ngakhale kukhale mitambo. Palibe ankadziwa mudzi wake. Ankangotulukira pamsika matenanti akalandira, n'kukhazika katoni pansi pa bulugama kuseri kwa holo. Pakatonipo ankaseweretsapo wachiona ndani, juga ya makhadi atatu. Woloza khadi lofiira ankalonjezedwa kuti ndalama yake ibereka inzake.

"Sisi, bwanji?" anatero Joe. "Ndamva kuti timu yanu ikukasewera ku boma."

"Eya, achimwene, tikupita."

"Ndiye ukaponda bwalo la ku boma ndi mapazi okhaokha? Ana a kutauni akakuseka."

Anatulutsa jumbo m'jekete. Munali nsapato zoyera zamasewera, zingwe zake zisanamangidwepo. Dyna anaika tsache pansi.

"Tayesa," anatero Joe.

Zinamukwana ngati anachita kumuyeza. Anadumpha, n'kuponya mpira wongoganizira m'mwamba, n'kuseka yekha.

"N'zako," anatero Joe. "Ine ndikungopempha kanthu kakang'ono. Filimu yalembedwa panjayo ndinaionera ku Chipata. Pali pamene mkulu wa chipewayo amawina chindalama chambiri n'kuchiponya m'mwamba. Ikafika pamenepo, uzimitse. Uwauze kuti tepi yathera pomwepo. Matepi amaduka nthawi zonse, ndani angakukayikire? Anthu atuluke mitima ili m'mwamba. Zotsalazo n'zanga."

"Nanga kumapeto kuja?"

"Kumapeto n'kwachisoni, sisi. Anthu amalipira kuti asangalale. Ukhala wawachitira chifundo."

Sanadikire yankho. Anatuluka akuimba mluzu.

3. Mawu a mayi Anastazia

Dyna anatuluka pakhonde akuponda mosamala kuti fumbi lisadetse nsapato. Mayi Anastazia anali atamva zonse, chifukwa chitseko chinali chotsegula.

"Mwana wanga, zakukhala," anatero mayiwo. "Sindikunama, zakukhala ndithu. Koma takhala apa pang'ono."

Dyna anakhala pa njerwa pafupi ndi beseni la zitumbuwa.

"Ndisanayambe geni iyi ndinagwirapo ntchito pa esiteti ina ku Mavwere. Ndikudziwa mmene ndalama ili m'matumba mwa anthu awa imabwerera. Munthu amachoka ku Mulanje kapena ku Thyolo pa lole, mkazi ndi ana ali pamwamba pa katundu. Amathirira nazale dzuwa likuswa mutu. Amawokera mvula ili pamsana. Amathyola fodya mpaka manja kuda bii, amasoka, amapachika m'zigafa. Chimanga chimene wadya chaka chonse, bwana amadula pamalipiro. Chimene chatsalacho ndicho ali nacho lero. Imeneyo si ndalama ya mwezi ayi, ndi ya chaka chathunthu.

"Ndipo za Joe zija si masewera. Pamene iwe ukuloza khadi pakatoni, lofiiralo limakhala lili kale m'dzanja lake. Amene umawaona akuwina poyamba ndi anzake obwera nawo. Ndaona abambo akuyamba ndi ndalama ya chitumbuwa chimodzi, akuseka. Dzuwa likamapendeka wailesi yapita, njinga yapita. Akawina sachoka, amati ndiwinenso kamodzi. Akaluza sachokanso, amati ndibweze kaye zanga. Nthawi yonseyo mkazi ali pamsewu ndi ana, akudikira ndalama yokwerera lole ya kumudzi.

"Anthu awa Chingerezi sachimva, amamva iwe. Ukawauza kuti mzungu wanena zakuti, amavomera. Ukawauza kuti filimu yathera apa, avomeranso. N'chifukwa chake Joe sanapite kwa amalume ako kapena kwa ine, wabwera kwa iwe. Ine sindikulanda nsapatozo. Ndikhala pakhomo pano kugulitsa zitumbuwa zanga. M'katimo ukakhala wekha ndi rimoti."

Dyna anayang'ana nsapato zija, n'kuchotsa kaudzu kamene kanakakamira pachingwe. Kenako anadzuka kukaliza jenereta.

4. Bwana Chipewa awina

Holo inadzaza mpaka ena anakhala pansi. Pabenchi ya kutsogolo panali a Jonasi, tenanti wa ku Mulanje amene sankajomba Loweruka. Tsikulo anabwera ndi mkazi wawo, a Tereza, atabereka mwana. Njinga yawo yatsopano anaiimika pakhonde, mapepala a pulasitiki asanachotse pazitsulo.

"Lero mwatchena, aphunzitsi," anatero a Jonasi ataona mapazi a Dyna, amene ankamutcha choncho chifukwa cha Chingerezi chake.

Dyna anangomwetulira n'kuyatsa filimu.

Bwana Chipewa anaoneka ali kubanki, akuwerenga ndalama za eni ake. Mnzake anamutengera kunyumba ya juga yowala ngati tchalitchi pa Khirisimasi. Anaika pang'ono, anawina. Anaikanso, anawinanso. Posakhalitsa anafika pakhomo ndi galimoto yofiira.

"Akuti mkazi wanga, taya matembawo," anamasulira Dyna. "Kuyambira lero ngakhale galu wathu azidya nkhuku."

Anthu anaseka. Mayi wina anafunsa ngati Bwana Chipewa ali ndi mng'ono wake wosakwatira.

Kenako inafika juga yaikulu. Bwana Chipewa anakhala patebulo ndi mkulu wa zigawenga, amene Dyna anamutcha Mano Agolide. Kumbuyo kwake kunaima anyamata a mfuti. Khadi lomaliza litatembenuzidwa, Mano Agolide anamenya tebulo. Bwana Chipewa anakokera mulu wonse wa ndalama kwa iye, n'kuuponya m'mwamba. Ndalama zinkagwa ngati masamba.

Holo inagwedezeka ndi m'manja ndi mluzu. Azibambo angapo anaimirira. A Jonasi anagwira thumba la malaya n'kunong'oneza mkazi wawo.

"Ndikubwera, ndikangoona kuseriku."

A Tereza anawagwira m'mphepete mwa malaya.

Saka la pakhomo linatukulidwa. Joe anasuzumira, n'kudutsitsa chala pakhosi kuti Dyna azimitse. Chala cha Dyna chinali pabatani. Anayang'ana Joe, anayang'ana dzanja la a Tereza lili pamalaya aja. Kenako anaika rimoti pamwamba pa kanema n'kukweza maiki.

"A Jonasi, mukupita kuti? Mwalipira filimu yathunthu, osati theka. Khalani pansi nonse. Tiyeni tione ngati Bwana Chipewa afike nazo kunyumba ndalamazi."

A Jonasi anakhala pansi. Enanso aja anakhala. Saka la pakhomo linagwa.

5. Galimoto ili kwa makaniko

Bwana Chipewa sanapite kunyumba. Anaima pakhomo la nyumba ya juga, anayang'ana chikwama, n'kubwereranso m'kati.

"Akuti zikangowonjezekera pang'ono agula ndege," anatero Dyna.

"Pita kunyumba iwe," anakuwa mayi uja ankafuna mng'ono wake.

Bwana Chipewa analuza theka. Anabweranso mawa lake kuti abweze, n'kuluza theka linalo. Anafika pakhomo wapansi, mkazi wake n'kumufunsa za galimoto.

"Akuti galimoto ili kwa makaniko," anamasulira Dyna ndi mawu ofatsa ngati a munthu wopempha mchere.

Anthu anaseka mpaka mwana wa a Tereza anadzuka. Mphete ya ukwati itasowa pachala cha Bwana Chipewa, anthu sanadikire Dyna. Holo yonse inayankha pamodzi kuti nayonso ili kwa makaniko.

Kenako zinthu zinavuta. Bwana Chipewa anaba ndalama kubanki kuti akabweze zimene analuza. Mnzake uja anali atagwirizana kale ndi Mano Agolide, ndipo makhadi onse anali oikidwa zizindikiro. Zigawenga zinamulanda chikwama. Apolisi anamuthamangitsa pamadenga a nyumba, chipewa chinagwera mu ngalande. Mkazi wake anakwera basi ndi sutikesi ndi mwana.

A Jonasi ndiwo ankakuwa kuposa onse. "Munthu uyu alibe nzeru. Anali nazo m'manja, ankafunanso chiyani?"

"Mwanena nokha, bambo a mwana," anatero a Tereza.

Pomaliza Bwana Chipewa anakhala m'galimoto ya apolisi atamangidwa unyolo. Anatembenukira wapolisi n'kunena mawu ochepa. Apa Dyna sanawonjezere kanthu.

"Akupempha wapolisiyo kuti amubwereke ndalama imodzi yokha. Akuti ulendo uno awina basi."

Ena anayamba kuseka, koma chiseko chinathera panjira. Filimu inathera pomwepo. Kenako bambo wina wachikulire anayamba kuwomba m'manja, ndipo onse anamutsatira.

6. Pansi pa bulugama

Anthu anatuluka akukambirana mokweza. Joe anali atakhazika kale katoni yake. Manja ake ankavina pamakhadi.

"Wachiona ndani, wachiona ndani? Ika imodzi, utenge ziwiri."

Anthu anamuzungulira, koma aliyense manja anali kumbuyo. Mnyamata wina wachilendo anaika ndalama n'kuwina. Palibe amene anasuntha.

"Ameneyo ndi mnzanu uja wa m'filimu?" a Tereza anafunsa Joe, akuloza mnyamatayo.

A Jonasi anawerama n'kuyang'anitsitsa Joe. "Achimwene, pepani, ndingofunsa. Galimoto yanu ili kwa makaniko?"

Chiseko chinamveka mpaka kuchigayo. Joe anayesa kuseka nawo, koma sizinamukhale. Anasonkhanitsa makhadi n'kupinda katoni.

Dyna anadutsa pakati pa anthuwo. Anakhala pa muzu wa bulugama, anamasula zingwe, anapukuta fumbi ndi mpendero wa siketi, n'kubwezera nsapato m'jumbo muja.

"Zikomo, achimwene. Zinandikwana bwino. Koma filimu inali isanathe."

Joe analanda jumboyo. "Ukaponda ku boma ndi zidendene zong'aluka."

"Ndi zomwezi zatifikitsa ku bomako," anayankha Dyna.

Joe anachoka osacheuka, mnyamata wowina uja akumutsatira.

A Jonasi anapita pakhonde n'kugula zitumbuwa zonse zotsala m'beseni. Anagawira aliyense amene anali pafupi, chachikulu kwambiri n'kupatsa Dyna. Mayi Anastazia anagadabuza beseni lopanda kanthu n'kuliimba ngati ng'oma. A Tereza anakwera pakaliyala, mwana ali kumbuyo, ndipo a Jonasi analiza belu la njinga njira yonse mpaka anakhota pa chigayo.

7. Amalume abwera

A Goliati anafika dzuwa litapendeka, katoni ya matepi ili pakaliyala. Anapeza anthu ali pamzere, akufuna kuti filimu ibwerezedwe. Ena anali atakaitana anzawo kumaesiteti.

"Kwagwanji kuno?" anafunsa.

"Tikufuna ya makaniko ija," anayankha anthuwo.

Mayi Anastazia anawafotokozera zonse, osasiyako ngakhale za nsapato. A Goliati anaseka mpaka anatsamira khoma. Atapuma anamuitana Dyna pambali.

"Wachita bwino, ndipo mayi ako ndikawauza ndekha. Holo iyi ikanatchuka kuti ndi khomo la juga, abambo a kumishoni ndi makolo akanaitseketsa, ndipo akanalondola. Koma ndikuuze chimodzi. Walakwitsa poyamba paja. Munthu amene si m'bale wako, si mphunzitsi wako, akakutambasulira jumbo, uziyamba wafunsa chimene akufuna usanalowetse phazi. Lero wakwanitsa kuvula. Anzako ambiri akavala savulanso, chifukwa amachita manyazi kubweza, ndipo wopereka uja amadziwa zimenezo. Ukukula, uli ndi luso, ndipo anthu a mphatso abwera ambiri. Ena adzabwera atavala bwino kuposa Joe."

"Ndamva, amalume."

"Chabwino. Filimu ndibwereza ndekha, ndiyesa kukumbukira nthabwala zako. Iwe kazipita, dzuwa likulowa."

Dyna anatsanzika n'kuyamba ulendo, chitumbuwa chili m'manja. Ankayenda akuimba nyimbo ya timu yawo, ndipo amene ankakumana naye ankamufunsa moseka za makaniko.

Atafika pamphambano ya msewu wopita kumalire a Zambia, anaona njinga ikutuluka m'kanjira ka kumudzi kwawo. Pakaliyala panali Joe, magalasi ali kumaso. Wopalasa anali Vitus, mlongo wake wamkulu wa Dyna, amene m'mawa anatsanzika kuti akukathandiza asuweni awo kufolera nyumba ku Kachebere. Pachitsulo cha pakati anamangapo thumba lokhala ndi chigamba chabuluu. Dyna analidziwa. Linali thumba la mtedza wa mbewu umene mayi awo anasunga kuti adzadzale mvula ikagwa.

"Achimwene," anaitana Dyna. "Achimwene a Vitus."

Vitus anacheuka, anamuona, n'kupalasa mwamphamvu kulowera kumalire.

Dyna anabwerera kumsika akuthamanga. Anapeza a Goliati akumasula katoni ya matepi panjinga.

"Amalume, musaiimike njingayo. A Vitus atenga mtedza wa mbewu, ali ndi Joe, alowera msewu wa kumalire. Mbewu yathu ikathera pa juga."

A Goliati anaika katoni pansi n'kuponyera rimoti mayi Anastazia.

"Kwera," anauza Dyna. "Paja pamlatho pali mchenga, atsika n'kuyamba kukankha. Tikawapeza pomwepo."